Kodi ndidule pulagi ya PDU kuti ilowe mu soketi ya pakhoma?

Wowerenga wina wa ku Zomba walemba motere: "Ndine mphunzitsi wa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale, ndipo akuluakulu andipatsanso udindo woyang'anira zipangizo za intaneti. Tagula rack, kabati ya chitsulo yoikamo zipangizo za netiweki, imene tikufuna kuikamo ma switch awiri a PoE a mabowo 24, router, seva imodzi, makina osunga zithunzi za makamera ndi UPS ya 3kVA. PDU yogawa magetsi mu rack tinaitanitsa ku Johannesburg, koma yabwera ndi pulagi yaikulu ya buluu imene sikulowa mu soketi ya pakhoma. Mmisiri wina wa m'dera lathu akuti angoidula n'kuikapo pulagi wamba ya mano atatu. Dzinja lathali mphenzi inatiotchera switch, choncho ndili ndi mantha. Komanso amene anatipatsa ndalama akufuna umboni woti ntchitoyi yatsata malamulo. Ndiyambire pati?"

Zikomo kwambiri, aphunzitsi, chifukwa mwafunsa musanadule kanthu. Mtima ukhale m'malo, pakuti PDU imene mwagulayo si yolakwika ndipo ndalama sizinapite pachabe. Pulagi ya buluuyo ndi ya muyezo wa IEC 60309, imene amisiri ambiri amaitchula kuti commando, ndipo mtundu wa buluu umasonyeza kuti ndi ya magetsi a pakati pa 200V ndi 250V, omwe akugwirizana ndi 230V ya kuno kwathu. Yang'anani pa thupi lake, mupeza palembedwa 16A kapena 32A, ndipo poti UPS yanu, makina a mabatire amene amapitiriza kupereka magetsi akathima, ndi ya 3kVA ndiyankha poganiza kuti ndi ya 16A. Yankho langa lalifupi ndi lakuti musaidule. Chimene chiyenera kusintha ndi mmene magetsi akufikira m'chipindamo, chifukwa PDU ili ngati mpopi wa kumapeto kwa paipi, umene sungatulutse madzi abwino kuposa amene paipiyo yabweretsa.

Tiyambe ndi kuwerengera katundu amene magetsiwo adzasenze, chifukwa zonse zimene mmisiri adzasankhe zimachokera pamenepa. Switch ya PoE imadyetsa makamera ndi zida za Wi-Fi kudzera mu nthambo ya netiweki yomweyo, ndipo bowo limodzi likhoza kupereka mpaka 15.4W pa muyezo wa 802.3af kapena 30W pa muyezo wa 802.3at. Ma switch ambiri a mabowo 24 amakhala ndi malire a 370W pa mabowo onse pamodzi, ndiye tikaonjeza zimene switch imadya payokha tinene kuti iliyonse ndi 420W ikadzaza, awiriwo 840W. Seva yapakatikati, ngakhale pa chikwangwani chake palembedwe 750W, nthawi zambiri imakoka mphamvu yocheperapo kwambiri, ndipo pa chitsanzo chathu tiipatse 300W. Router, makina a makamera ndi kabokosi ka fibre tiziike pa 100W zonse pamodzi. Zikukwana 1,240W, ndipo tikagawa ndi 230V tikupeza pafupifupi 5.4A. Manambala anu enieni muwatenge m'mabuku a zipangizozo kapena mmisiri ayeze ndi clamp meter, kachida koyezera ma amp, koma njira yowerengera ndi imeneyi.

Mukhoza kunena kuti 5.4A ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi 13A ya pulagi wamba, ndipo mukunena zoona. Sindikuopsezani kuti nyumba ipsa tsiku lomwelo mukadula pulagiyo, popeza pulagi ya muyezo wa BS 1363 imakhala ndi fyuzi mkati. Zifukwa zanga zokanira ndi zina. Choyamba n'chakuti PDU yanu siyenera kulowa pakhoma n'komwe. Magetsi achoke pakhoma kulowa mu UPS, kenako achoke mu UPS kulowa mu PDU, ndipo mukailowetsa pakhoma ndiye kuti UPS mwaidumpha, magetsi akangothima zonse zithima nawo. UPS zambiri za 3kVA zimakhala ndi bowo lalikulu lotulutsira magetsi la mtundu wa C19, lomwe limanyamula 16A, choncho chimene mukusowa ndi nthambo yopangidwa kufakitale imene mbali ina ili ndi pulagi ya C20 yolowa mu UPS, mbali inayo ili ndi soketi ya buluu yolandira PDU. Nthambo imeneyi mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi PDU, ndipo chitsimikizo cha wogulitsa chimakhalabe chamoyo chifukwa simunadule chilichonse.

Chifukwa chachiwiri chikukhudza UPS yeniyeniyo, imene ndiyo ilumikizidwe ku soketi ya pakhoma. UPS ya 3kVA ikadzaza imakoka 13A, ndipo pamwamba pake imafunanso mphamvu yotchajira mabatire magetsi akangobwerera. Magetsi akatsika mphamvu, monga zimachitikira madzulo m'madera ena, zipangizo za makompyuta zimakoka ma amp ochuluka kuti zipeze mphamvu yomweyo, moti katundu wa 2,700W amene pa 230V amakoka 11.7A, pa 200V amakoka 13.5A. Lero muli pa 5.4A, koma pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi sindinaonepo rack imene katundu wake amachepa pakapita nthawi. Chaka chamawa abwera ndi seva ina, makamera aonjezeka, ndipo pulagi wamba imene ikusenza katundu wolemera usana ndi usiku imatentha pang'onopang'ono mpaka mano ake ada. Fyuzi ikapsa kangapo pamapezeka munthu wanzeru zachidule amene amakulungapo waya, ndipo chitetezo chimathera pomwepo. Onjezaninso kuti soketi ya pakhomayo mwina ili pa mzere umodzi ndi ya mu ofesi ya aphunzitsi, kumene ketulo imodzi yowiritsira tiyi imadya 2,000W kapena kuposa.

Chimene mupemphe kwa mmisiri ndi mzere wa magetsi wapadera, wochoka pa bokosi logawa magetsi kulunjika m'chipinda cha rack popanda soketi ina iliyonse panjira, ndipo kumapeto kwake aike soketi ya buluu ya 16A yokhala ndi chozimitsira pambali, pamalo pamene munthu angafikepo osasuntha rack. Breaker ya mzerewu ikhale ya kukula kumene buku la UPS lanena, nthawi zambiri 16A, ndipo ine ndimasankha ya mtundu wa C chifukwa ya mtundu wa B imatha kugwa ndi kukoka kwadzidzidzi kumene kumachitika zipangizo zonse zikayaka nthawi imodzi. Waya wa mkuwa wa 2.5mm² umakwanira 16A pa mtunda waufupi, koma ngati bokosi lili kutali kapena waya udutsa m'denga la malata, mmene mwezi wa Okutobala mumatentha koopsa, akwere pa 4mm², chifukwa waya wotenthedwa ndi malo umanyamula ma amp ochepa kusiyana ndi olembedwa m'mabuku a amisiri. Pogula waya samalani ndi wa aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Umaoneka ngati weniweni koma ndi wopepuka, ukaupala ndi mpeni mkati mwake mumatuluka moyera, ndipo umatentha msanga m'malo olumikizira.

Pa mzerewu pakhalenso chitetezo cha 30mA chotchedwa RCD, chimene chimadula magetsi akayamba kutayika, choteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ndipo pa sukulu, pamene ana amalowa paliponse, ine sindingachichotse pa chifukwa chilichonse. Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza amisiri ozolowera nyumba zogona. Chipangizo chilichonse cha kompyuta chimataya magetsi ochepa kwambiri mu waya wa earth ngakhale chili bwinobwino, ndipo zikachuluka pa RCD imodzi magetsi otayikawo amaunjikana. RCD ya 30mA imaloledwa kugwa paliponse pakati pa 15mA ndi 30mA, n'chifukwa chake malamulo a BS 7671 amalangiza kuti kutayika kwa nthawi zonse kusapose 30 peresenti ya mlingo wake, kutanthauza 9mA. Ngati rack ili pa RCD imodzi ndi labu yonse ya makompyuta, idzagwa popanda cholakwika chooneka, ndipo anthu akatopa amaidumphitsa. Njira yabwino ndi kuipatsa rack RCBO yakeyake, yomwe ndi breaker ndi RCD m'chida chimodzi, ya mtundu wa A, umene umazindikira kutayika kochokera ku zipangizo zamakono, osati ya mtundu wakale wa AC.

Tsopano nkhani ya earth, imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse m'kalata yanu ngakhale simunaitchule. Breaker, RCD ndi zida zoteteza ku mphenzi zonse zimadalira kuti pakhale njira yabwino yobwezera magetsi olakwika. Thupi la rack lilumikizidwe ku earth yaikulu ya nyumbayo ndi waya wobiriwira ndi wachikasu wosachepera 6mm², zitseko ndi mbali zake zilumikizidwe ku thupilo ndi timawaya take, ndipo pomangira apale penti kapena aike washa wa mano, chifukwa penti salola magetsi kudutsa. Musalole kuti wina akhome ndodo ya mkuwa panja pa chipindacho n'kuilumikiza ku rack yokha popanda kuimangiriza ku earth ya nyumba. Ena amachita zimenezi poganiza kuti akupatsa makompyuta earth yoyera, koma mphenzi ikagwa pafupi ndodo ziwirizo zimakhala pa mphamvu zosiyana, ndipo kusiyanako kumadutsa m'zipangizo zanu. Ngati pakufunika ndodo zoonjezera, zikhomedwe ndithu, koma zonse zikumane pamodzi. Earth iyezedwe ndi makina ake, ndipo nthawi yabwino ndi chilimwe pamene nthaka yauma, chifukwa nthaka yonyowa ya m'dzinja imapereka manambala abwino amene sakhalitsa chaka chonse.

Za switch imene inapsa, ndikufunseni funso limene mungayankhe nokha. Kodi inafa yonse osayakanso, kapena inkayaka koma mabowo ena atafa? Ngati mabowo okha ndiwo anafa, kawirikawiri ndiye kuti mphenziyo sinabwere kudzera pakhoma. Inalowera mu nthambo ya netiweki yopita ku kamera ya panja, ku chida cha Wi-Fi cha pa mlongoti kapena ku nyumba ina ya makalasi, ndipo PDU kapena UPS ya mtengo wanji singaletse zimenezo. Kulikonse kumene netiweki ikuchoka nyumba ina kupita ina ikani fibre, chifukwa galasi silinyamula magetsi. Makamera a panja amene sangachitire mwina koma kukhala pa nthambo ya mkuwa apatsidwe timabokosi toteteza ta PoE pamene nthamboyo ikulowa m'nyumba, tolumikizidwa ku earth ndi waya waufupi.

Ku mbali ya magetsi, chitetezo chimaikidwa m'magawo. Mu bokosi logawa magetsi muikidwe SPD, chida choteteza ku kugunda kwa mphenzi, ya Type 2, ndipo ngati nyumbayo ili ndi ndodo yokoka mphenzi padenga kapena magetsi amafika pa mawaya a m'mwamba odutsa poyera, pa bokosi lalikulu pakhale ya Type 1. Kachitetezo ka mkati mwa UPS kapena PDU ndi ka Type 3, kongomalizitsa zotsala, ndipo pakokha sikangapirire kugunda kwakukulu. Mawaya olumikiza SPD akhale aafupi, onse pamodzi osaposa theka la mita ngati n'kotheka, ndipo kawindo kake kakasintha mtundu kukhala kofiira ndiye kuti yatha ntchito, isinthidwe. Dziwaninso kuti SPD imagwira kugunda kwa kanthawi kochepetsetsa chabe. Waya wa neutral ukaduka pa mzere wa ma phase atatu, soketi ya 230V ikhoza kulandira mphamvu yoyandikira 400V kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chimathandiza pamenepo ndi chida chodula magetsi akakwera kapena kutsika mopyola malire, chimene chimadikiranso kanthawi chisanawabwezere.

Ngati sukulu ili ndi jenereta kapena inveta ya sola, ilowe kudzera pa changeover yoyenera, switch yosankhira kumene magetsi akuchokera, imene singalole magetsi kubwerera ku mawaya a ESCOM, chifukwa magetsi obwerera akhoza kupha wogwira ntchito pa pholo. Mmisiri ayeze RCD pamene jenereta ikulira, popeza majenereta ang'onoang'ono ambiri salumikiza neutral ndi earth, ndipo zikatero RCD sigwa. Onaninso ngati UPS yanu ndi ya mtundu wa online kapena line-interactive. Yachiwiriyi imakonda kukana magetsi a jenereta yosakhazikika n'kumangodya mabatire mpaka atha.

Mkati mwa rack ntchito ndi yosavuta. UPS ikhale pansi penipeni chifukwa ndi yolemera, PDU imangidwe kumbuyo ndi mabawuti ake, nthambo za magetsi zitsike mbali imodzi ndipo za netiweki mbali inayo. Mabowo a C13 amanyamula 10A, a C19 amanyamula 16A, ndiye gulani nthambo zazifupi zogwirizana nawo m'malo molowetsa ma adaputala. Zipangizo zochokera ku South Africa nthawi zina zimabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, ndipo pamenepo sinthani nthambo yonse. PDU isalumikizidwe pa PDU inzake, ekisitenshoni ya pamsika isalowe mu rack, ndipo printer ya laser, chotenthetsera chipinda kapena makina oziziritsa mpweya zisakhale pa UPS. Nthambo iliyonse ilembedwe dzina mbali zonse ziwiri. Ngati seva ili ndi mbali ziwiri zolandirira magetsi, kuzilowetsa zonse mu PDU imodzi kumakutetezani pamene mbali imodzi yafa basi, koma osati pamene UPS yafa, ndiye mungalowetse yachiwiri pa mzere wina wotetezedwa, bola mzere uliwonse uthe kusenza seva yonse pawokha. Ndipo kumbukirani kuti 1,240W yonse ija imasanduka kutentha m'chipindamo. Mabatire a UPS amapangidwira malo a pakati pa 20°C ndi 25°C, ndipo moyo wawo umatsika pafupifupi ndi theka pa 10°C iliyonse yoonjezera, choncho kachipinda kosungiramo katundu kopanda mpweya si malo ake.

Tifike pa malamulo. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Energy Regulation Act la 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi m'dziko muno. Kumanga PDU mu rack ndi kulowetsa nthambo mungachite nokha, koma kutsegula bokosi logawa magetsi, kukoka mzere watsopano, kuika SPD ndi changeover ndi ntchito ya mmisiri wa chiphaso. Mmisiri wa m'dera lanuyo mumufunse mwaulemu kuti akuonetseni chiphaso chake cha MERA chimene sichinathe nthawi, mujambule, ndipo nambala yake ilembedwe pa kalata ya mgwirizano. Wachiphaso weniweni sakhumudwa ndi funso limeneli. Mita ndi zonse za ku mbali imene magetsi akuchokera ndi za ESCOM, choncho pasapezeke wodula chidindo chawo, ndipo ngati katundu wa sukulu yonse wakula kuposa mphamvu imene munapatsidwa, kapempheni kwa iwo kuti aonjezere. Bungwe la MBS ndilo limaona za miyezo ya katundu wolowa ndi wogulitsidwa m'dziko, pomwe MACRA imavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana, makamaka zoulutsa pa mafunde monga za Wi-Fi ndi zolumikiza malo otalikirana, ndiye funsani wogulitsa ngati zimene wakupatsani ndi zovomerezeka.

Pa zipangizo zenizenizo yang'anani chikwangwani chosonyeza wopanga, nambala ya mtundu, mphamvu ndi muyezo umene zinayesedwa nawo, monga IEC 62368-1 pa zipangizo za makompyuta, umene unalowa m'malo mwa IEC 60950-1. Chizindikiro cha CE pachokha musachikhulupirire kwambiri, chifukwa pa katundu wambiri wotere ndi wopanga mwini amene amadzichitira umboni. Chenjeraninso ndi ma PDU a kaunjika ochokera ku America, amene ambiri ndi a 120V, ndipo amene ali ndi chitetezo cha mphenzi mkati amapsa akangolandira 230V.

Umboni umene okuthandizaniwo akufuna, ndiponso umene kampani ya inshuwalansi ingafunse moto utabuka, ndi pepala la zoyeza lokhala ndi manambala enieni. Kalata yongonena kuti ntchito yatha bwino sikwanira. Miyezo ya IEC 60364 ndi BS 7671, imene amisiri ambiri kuno anaphunzira nayo, imafuna kuti mzere watsopano uyezedwe usanayambe ntchito. Mmisiri atsimikize kuti waya wa earth ndi wosaduka kuchoka pa bokosi kufika pa rack, ayeze chikopa cha mawaya ndi 500V DC ndipo chipereke osachepera 1 megohm, aone kuti live ndi neutral sizinasinthane, ayeze ngati breaker ingagwe msanga pakachitika vuto, ndiponso nthawi imene RCD ikutenga kuti igwe. Poyeza chikopa UPS, SPD ndi zipangizo zonse zichotsedwe kaye, apo ayi 500V ija iziononga kapena ipereka manambala abodza. Inu mukhalepo poyezapo, muone makinawo ndi maso anu, ndipo ndalama yomaliza mulipire mutalandira pepala losainidwa. Liikeni mu fayilo imodzi ndi chithunzi cha chiphaso, chojambula cha mzerewo, kuwerengera kwa katundu kuja, malisiti ndi mabuku a zipangizo. Tsiku la Loweruka zimitsani breaker ya rack mwadala, muone kuti UPS ikusenza kwa mphindi zingati, mulembe, ndipo muzibwereza teremu iliyonse pamodzi ndi kudina batani loyesera RCD.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka musadikire teremu yamawa. Pulagi kapena nthambo ikamatentha mukaigwira, mukamva fungo la pulasitiki wopsa, breaker ikamagwa mobwerezabwereza, kapena batire likatupa, zimitsani mzerewo ndi kuitana mmisiri wa chiphaso tsiku lomwelo, ndipo musalole kuti vutolo alithetse pongoika breaker yaikulu. Munthu akamva kunjenjemera m'dzanja pogwira thupi la rack ndiye kuti earth yaduka penapake, ndipo chipindacho chitsekedwe mpaka ayeze. Pafupi ndi khomo pakhale chozimitsira moto cha CO2, osati cha madzi. Mukaona mababu a nyumba ina akuwala mopambanitsa pamene a nyumba ina akuzilala, ganizirani za neutral yoduka ija, zimitsani main switch nthawi yomweyo, ndipo imbirani ESCOM ndi mmisiri wanu musanayatsenso chilichonse.